Musanakweze thanga pa kayaki, yambani mwaganizira za tsiku limene idzatembenuzike

A Mkonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anthu amene ayamba kukonda kayaki, kabwato kopapatiza kaja kamene munthu amakhala chotambasula miyendo n'kumapalasa ndi nkhafi ya mbali ziwiri, makamaka iwo amene akufuna kuikapo thanga kuti azipita nayo kukawedza nsomba kapena kuyenda maulendo a masiku angapo m'mphepete mwa nyanja. Ndakhala ndikuchita zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo chimene chandichititsa kugwira cholembera ndi chizolowezi chimene ndimachiona mwa ambiri ongoyamba kumene. Iwo amathamangira kupeza thanga lalikulu, zoikamo ndodo za mbedza zinayi kapena zisanu, ndi makina oonera nsomba pansi pa madzi, koma funso limene linayenera kukhala loyamba amalisiya kumapeto, mwinanso salifunsa n'komwe. Funsolo ndi lakuti, bwatoli likatembenuzika ine ndili kutali ndi gombe, zinthu zonse zimene ndamangirirapozi zidzandilola kulitembenuzanso ndi kukwera?

Tiyambe takumbukira kuti kayaki sinabadwe ndi thanga. Eni ake, anthu a mtundu wa Inuit a ku Greenland, kumpoto kwa Canada ndi ku Alaska, pamodzi ndi a Aleut a kuzilumba za kufupi ndi Alaska, ankapanga chimango cha mitengo yobwera ndi madzi n'kuchikuta ndi zikopa za akatumbu a m'nyanja, ndipo chinali chida cha mlenje wofuna kufika pafupi ndi nyama mwakachetechete. N'chifukwa chake kayaki ndi yopapatiza, yopepuka, ndipo imakhala pansi kwambiri pamadzi. Amene anatchukitsa kabwato kotere ku Ulaya ndi John MacGregor wa ku Britain, amene mu 1865 anayenda m'mitsinje ndi m'nyanja za kumeneko ndi bwato lake lotchedwa Rob Roy, lotalika pafupifupi mamita 4.6, lokhala ndi kathanga kakang'ono kongothandizira nkhafi. Pambuyo pake kunabwera anthu onga Oskar Speck, amene ananyamuka ku Germany mu 1932 pa kayaki yopinda ndipo anatsata magombe mpaka anafika ku Australia mu 1939, komanso dokotala Hannes Lindemann, amene mu 1956 anawoloka nyanja ya Atlantic kuchokera kuzilumba za Canary mpaka kuchilumba cha St Martin ku Caribbean m'masiku 72 pa kayaki yopinda ya kampani ya Klepper yokhala ndi matanga. Anthu amakonda kutchula mayina amenewa pofuna kusonyeza kuti kayaki ya thanga ingafike kulikonse, koma saonjezerapo kuti Lindemann anatembenuzika kawiri pakati pa nyanja, ndiponso kuti Franz Romer, amene anawoloka nyanja yomweyo pa kayaki mu 1928, anasowera mumphepo yamkuntho atapitiriza ulendo wake wolowera ku New York ndipo sanaonekenso.

Chinthu choyamba chimene munthu ayenera kumvetsa ndi mphamvu ya mphepo, chifukwa siikula mofanana ndi liwiro lake. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu imene ikukankha thanga imawirikiza kanayi. Kamphepo kamene kanali kukuyendetsani bwinobwino m'mawa kangathe kukhala koopsa masana popanda inu kusintha kanthu kalikonse pabwato. Amalinyero amayeza mphepo ndi muyeso umene Francis Beaufort anakonza mu 1805, ndipo ubwino wake ndi wakuti munthu amauwerenga ndi maso. Pa gawo lachitatu, pamene mphepo ili pa makilomita 12 mpaka 19 pa ola, mafunde amayamba kuonetsa thovu loyera apa ndi apo, ndipo imeneyi ndi mphepo yokoma kwa kayaki. Pa gawo lachinayi, makilomita 20 mpaka 28 pa ola, thovu lija limachuluka, ndipo wongoyamba kumene ayenera kukhala atatsitsa kale thanga. Gawo lachisanu ndi la anthu odziwa, amenenso ali ndi chifukwa chokwanira chokhalira pamadzi nthawi imeneyo. Pa kayaki yopanda zoyandama za m'mbali, thanga la sikweya mita imodzi ndi lokwanira ndithu. Likuoneka laling'ono mukaliyala pansi, koma bwato limene likukokedwalo ndi lopepuka, ndipo cholemera chimene chikulimbana ndi mphepo kuti lisapendeke ndi thupi lanu lokha.

Kukula kwa thanga sikundidetsa nkhawa kwambiri ngati mmene limatsikira. Ine ndimati thanga labwino la kayaki ndi limene mungaligwetse ndi dzanja limodzi, mutakhala pampando, m'kanthawi kosakwana kuwerenga mpaka khumi. Pali mitundu imene mlongoti wake umaima pa cholumikizira chopindika, ndipo mukamasula chingwe chimodzi mlongotiwo umagona pamsana pa bwato pamodzi ndi thanga lake, inu n'kulimanga ndi lamba wotanuka. Palinso mitundu imene thanga limakulungika pa mlongoti, moti mungathe kulichepetsa pang'onopang'ono mphepo ikamakula. Yonse iwiri ndi yabwino. Mtundu umene ndimaukana ndi umene umafuna kuti munthu adzuke pampando kapena atambasuke mpaka kutsogolo kuti akamasule mfundo, chifukwa nthawi imene mukufunitsitsa kutsitsa thanga ndi nthawi yomweyo imene simungayerekeze kusuntha thupi. Chingwe chowongolera thanga chisamangidwe mfundo ngakhale tsiku limodzi. Chizidutsa pa chopanira cha mano chimene chimamasuka mukangokokera chingwe m'mwamba, ndipo chopaniracho chikhale pamene dzanja limafika lokha osayang'ana.

Ndikunena izi chifukwa ndinaziphunzira movutika. Tsiku lina ndinali kuyenda ndi thanga ndikukoka nyambo kumbuyo, mphepo ikuchokera kumanja, ndipo pofuna kuti manja apume ndinakulunga chingwe chowongolera pa chitsulo n'kuchimanga. Nsomba inagwira mbedza kumanzere, ndodo inapindika, ine ndinatembenuka kuti ndiitenge, ndipo nthawi yomweyo kunabwera kamphepo kamphamvu kamene kanadzaza thanga. Thupi langa linali litapendekera kale kumene mphepo inkakankhira. Sindinaone n'komwe mmene zinachitikira, ndinangozindikira ndili m'madzi, bwato lili chafufumimba pamwamba panga. Kutembenuzikako sikunandiopse kwenikweni. Chimene sindidzaiwala ndi chingwe chomangira nkhafi chimene chinakulungika pa akakolo anga, chingwe cha mbedza chimene chinadutsa m'khwapa nsomba ikukokabe, ndi mlongoti umene unali utaloza pansi, thanga lake litadzaza madzi, moti ndikakankha bwato kuti litembenuke linkangobwerera. Ndinachita kulowa pansi pa bwato kukamasula mfundo ija ndi zala zimene zinali zitayamba kuuma. Mpeni unali m'bokosi, kuseri kwa mpando, kumene sindikanaufikira. Kuyambira tsiku limenelo mpeni umakhala pachifuwa panga, ndipo chilichonse chimene ndikufuna kuwonjezera pabwato ndimayamba ndachiyesa m'madzi osaya, bwato lili chotembenuzika.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo wofuna thanga wafunanso zingwe. Thanga limodzi limabwera ndi chingwe chokwezera, chowongolera, ndi zina ziwiri kapena zitatu zolimbitsira mlongoti. Mukaonjezerapo chingwe cha nangula, zomangira ndodo za mbedza ndi chomangira nkhafi, mwapanga ukonde umene nsomba yake ndi inu nomwe. Njira yake ndi kuchepetsa. Chingwe chilichonse chidulidwe pa utali umene ntchito yake ikufuna, chotsalacho chizilowa m'kathumba, ndipo zingwe za ntchito zosiyana zikhale za mitundu yosiyana kuti musamasule cholakwika mukapanikizika. Malo a kumbuyo kwa mpando, kumene mudzakwerere pochokera m'madzi, akhale opanda chilichonse chotukuka. Ndaonapo mabwato amene mbali zonse ziwiri zinali zodzaza ndi zitsulo zoimirira, mwini wake osazindikira kuti wadzitsekera khomo lobwererera.

Mlongoti umakankha pansi ndi mphamvu yaikulu kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo msana wa kayaki sunapangidwe kuti usenze katundu wotero. Pansi pa phazi la mlongoti pamafunika thabwa kapena mbale yolimba yomangidwa m'kati, apo ayi pulasitikiyo imabonyoka, zingwe zolimbitsira zimakhwefuka, ndipo mlongoti umagwa. Makayaki ambiri owedzera nsomba ndi opangidwa ndi pulasitiki ya mtundu wa polyethylene, imene guluu wamba saigwira, choncho chilichonse chosenza mphamvu chimangidwe ndi mabawuti odutsa mbali zonse, okhala ndi mawashala aakulu m'kati, ndipo bowo lililonse limatidwe bwino kuti lisamalowetse madzi. Mabawutiwo akhale a chitsulo chosachita dzimbiri cha nambala 316, chimene chimapirira madzi a mchere. Dziwaninso kuti chitsulo chimenechi chikakhudzana ndi aluminiyamu m'madzi a mchere, aluminiyamuyo amadyeka n'kusanduka ufa woyera, moti pakati pa ziwirizi pamafunika washala wa pulasitiki kapena mafuta otchinga. Ndipo musanaboole paliponse, khalani pampando n'kupalasa chopalasa m'malere kuti muone kumene nkhafi imadutsa, chifukwa chinthu choikidwa panjira ya nkhafi chidzakusupulani zala ulendo wonse.

Thanga lokha silikwanira kuti bwato liyende kumene mukufuna. Mphepo ikamachokera m'mbali, kayaki imatsetsereka chammbali chifukwa ilibe kanthu pansi kogwira madzi. Ichi n'chifukwa chake ena amaika thabwa lopyapyala m'mbali mwa bwato limene limatsitsidwa m'madzi, ndipo malo ake ayenera kukhala pafupi ndi pamene mphamvu ya thanga imathera. Thabwalo likakhala patsogolo kwambiri, bwato limangofuna kupotolokera kumphepo, ndipo likakhala kumbuyo kwambiri, bwato limathawa mphepo, zimene n'zoopsa kwambiri chifukwa thanga limadzazirabe m'malo mopuma. Ndi bwino kuti bwato lizikonda kupotolokera kumphepo pang'ono, kuti mukasiya zonse liziima lokha. Tsigiro lowongolera ndi mapazi ndi lofunika kwa wowedza, popeza manja ake amakhala otanganidwa. Komabe ndinene mosabisa kuti ngakhale mutachita zonsezi, kayaki ya thanga laling'ono siyenda bwino molimbana ndi mphepo. Imathamanga ikamatsatana nayo kapena kuidutsa chopingasa, koma pobwerera mudzapalasa. Munthu angathe kuyenda makilomita khumi mosangalala mu ola limodzi ndi theka, kenako n'kupeza kuti manja ake sangathe kumubweza. Wanzeru amayamba ulendo akupalasa molimbana ndi mphepo adakali ndi mphamvu, kuti thanga limubweretse madzulo atatopa.

Nkhani ya zoyandama za m'mbali imagawanitsa anthu, ndipo ine ndili pakati. Ubwino wake ndi woonekeratu: zimalola thanga lalikulu, zimakulolani kulimbana ndi nsomba yaikulu mosaopa, ndipo pali mabwato onga Hobie Adventure Island amene anapangidwa nazo kuyambira pachiyambi, okhalanso ndi zopalasira za mapazi. Koma zoyandamazi zili ndi mavuto awiri amene sakambidwa mokwanira. Loyamba ndi lakuti zimagonetsa munthu tulo, moti amakhala pamadzi mumphepo imene akanathawa kalekale, kufikira tsiku limene mtanda wogwira choyandama uthyoka kapena choyandamacho chimira pansi pa funde bwato likuthamanga. Lachiwiri ndi lakuti bwato lovuta kutembenuzika ndi lovutanso kulitembenuza likagona chafufumimba. Amene wasankha zoyandama aonetsetse kuti chimodzi chingathe kupindika kapena kuchotsedwa iye ali m'madzi, ndipo akhale ndi chingwe chimene angachiponye pamimba pa bwato n'kuchikoka ndi thupi lonse. Zoyandamazi zimavutitsanso pofika pagombe la mafunde osweka, pamene bwato likapingasa pang'ono chabe funde limaligwira pa choyandama n'kuligubuduza.

Pa za kuwedza kwenikweniko, ndodo ziwiri ndi zokwanira, ndipo thanga likakhala m'mwamba m'madzi mukhale chingwe chimodzi chokha. Choikamo ndodo chikhale kumbuyo kwa mpando koma chosatseka malo okwerera aja, chopendekera kunja kuti chingwe chisakole tsigiro, ndipo chomangitsira chingwe pa gudumu la ndodo chikhale chomasuka pang'ono, kuti nsomba ikagwira chingwe chizituluka m'malo mokoka bwato. Dongosolo lake ndi limodzi ndipo silisintha: nsomba ikagwira, masulani thanga, ligwetseni, kenako tengani ndodo. Nsomba imene yathawa chifukwa mwachedwa ndi thanga si kanthu. Polimbana nayo, nsonga ya ndodo iloze kutsogolo kwa bwato kuti nsombayo izikukokani chamutu, chifukwa kayaki yokokedwa chammbali sichedwa kugwa. Ine ndimaphwanya ndi pulayala kamnga kobwerera ka mbedza zanga zonse, popeza mbedza imene yalowa m'chala pamene muli nokha pamadzi, nsomba ikuphiriphitha kumapeto kwake, ndi ngozi yaikulu kuposa kutaya nsomba imodzi. Nsomba yogwidwa iphedwe isanalowe pakati pa miyendo, ndipo isungidwe m'thumba lotsekeka lokhala ndi madzi oundana. Kuimangirira m'mbali mwa bwato kuti izilendewera m'madzi a nyanja yamchere ndi kuitana shaki.

Nangula ndi chida china chimene chamiza anthu ambiri osadziwa. Kayaki siimikidwa ndi nangula womangidwa pakati, chifukwa madzi oyenda kapena mafunde akaikankha chammbali, chingwe chimakokera m'mphepete pansi ndipo bwato limatembenuzika nthawi yomweyo. Pamafunika chingwe chozungulira chodutsa pa timagudumu tiwiri, kamodzi kutsogolo kena kumbuyo, chokhala ndi mphete imene chingwe cha nangula chimadutsamo, kuti mutakhala pampando muzitha kusunthira mpheteyo kumapeto kwa bwato. Nangula wopinda wa kilogalamu imodzi ndi theka amakwanira malo ambiri, malinga chingwe chikhale chotalika katatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi kuya kwa madzi. Pamiyala, mangani chingwe kumunsi kwa nangula, kumene kuli zala zake, n'kuchigwiriza kumutu ndi kalamba kakang'ono ka pulasitiki kamene kangaduke mukakoka mwamphamvu, kuti nangula akakodwa atuluke chambuyo. Kumapeto kwa chingwecho kukhale choyandama, ndipo chimangidwe mwa njira yoti mungachitaye m'kamphindi ngati kukubwera funde lalikulu kapena bwato la injini, n'kudzachitenga pambuyo pake. M'madzi akuya, kathumba kokoka m'madzi kamene kamachepetsa liwiro la bwato lotengeka ndi mphepo n'kothandiza kuposa nangula.

Makina oonera nsomba sindiwakana, koma ndi omaliza pamndandanda. Batire yake ya mavoti 12 ikhale m'bokosi losalowa madzi, lomangidwa kuti lisagubuduke, ndipo pa waya wake pakhale fyuzi pafupi ndi batireyo.

Ulendo wa masiku angapo umabweretsa nkhani ya katundu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo munthu wopalasa padzuwa amafuna malita atatu kapena anayi patsiku, choncho madzi akumwa ndiwo katundu wolemera kwambiri. Aikidwe pansi penipeni, pafupi ndi mpando, kuti athandize bwato kukhazikika, ndipo zopepuka monga hema ndi zofunda zipite kumapeto. Katundu yense akhale m'matumba ang'onoang'ono osalowa madzi, opanikizidwa bwino kuti asasunthe bwato likapendeka. Pamsana pa bwato pasakhale mulu wa zinthu, chifukwa umagwira mphepo ngati thanga lachiwiri limene simungalitsitse. Zitsulo, mabatire ndi wailesi zikhale kutali ndi kampasi, apo ayi idzakunamizani. Ndipo kampasiyo ikhalepo ndithu pamodzi ndi mapu a panyanja okutidwa bwino, ngakhale muli ndi GPS, chifukwa batire imatha ndipo madzi a mchere salekerera chida chamagetsi. Zipinda zotsekeka za kutsogolo ndi kumbuyo ndizo zimayandamitsa bwato likadzaza madzi, choncho zivindikiro zake ziyesedwe ulendo uliwonse usanayambe. Madzi ochepa chabe oyendayenda m'kati amalanda bwato kukhazikika kwake, motero pampu ya pamanja ndi siponji yokapira zikhale pofikirika. Nkhafi yapadera yogawika pawiri imangidwe pamsana pa bwato pamene mungaifikire.

Pali zinthu zimene siziyenera kukhala pabwato koma pathupi, chifukwa bwato lopanda munthu, makamaka lokhala ndi thanga, limatengedwa ndi mphepo mofulumira kuposa mmene munthu angasambirire. Choyamba ndi jekete loyandamitsa, lovalidwa ndi kumangidwa nthawi zonse. Pa muyeso wa padziko lonse wa majekete oyandamitsa wotchedwa ISO 12402, majekete amene opalasa ambiri amavala ndi a gulu la 50N, amene amathandiza munthu wodziwa kusambira koma satembenuza munthu wokomoka kuti nkhope iloze kumwamba, ndipo aliyense adziwe malire amenewa posankha. M'matumba a jeketelo mukhale mpeni wosasongoka kunsonga, wenzulo, tochi, ndi wailesi yolankhulirana panyanja ya VHF yosalowa madzi. Tchanelo 16 ndiyo yoitanira thandizo panyanja padziko lonse, koma mawu a wailesi imeneyi amayenda mowongoka ngati kuwala, ndipo munthu wokhala pa kayaki ali pansi kwambiri moti kumene maso ake amalekezera pamadzi ndi pafupifupi makilomita atatu okha. Kwa woyenda kumagombe akutali, kachida kotumiza chizindikiro cha ngozi pa 406 MHz kudzera m'masetilaiti a Cospas-Sarsat n'kofunika kuposa thanga lenilenilo, ndipo kayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake. Zovala nazonso zisankhidwe poganizira kuzizira kwa madzi, osati kutentha kwa dzuwa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, ndipo akakhala pansi pa madigiri 15 a Celsius munthu wogweramo mwadzidzidzi amayamba kupuma mobanika mosadziletsa, kenako zala zimauma asanamalize ntchito yokwera.

Tisaiwalenso kuti panyanja sitili tokha. Malamulo a padziko lonse opewera kugundana kwa zombo, amene anavomerezedwa mu 1972, amakhudzanso kabwato kathu. Lamulo 25 limanena kuti bwato la thanga losakwana mamita 7, kapena lopalasa, ngati lilibe nyali zokhazikika likhale ndi tochi kapena nyali yoyera yoti lionetse nthawi idakalipo, ndipo lamulo 9 limaletsa mabwato ang'onoang'ono kutsekereza chombo chimene sichingapatuke panjira yopapatiza. Woyendetsa chombo chachikulu nthawi zambiri sationa n'komwe, ndipo pulasitiki sioneka bwino pa makina ake a radar oonera zinthu zakutali. Thanga la mtundu wowala limathandiza pamenepa, monganso kambendera pa ndodo yaitali kumbuyo, koma njira za zombo ziwolokedwe mowongoka ndi mofulumira, osawedzeramo.

Woyenda m'mphepete mwa nyanja yamchere ayenera kudziwanso kudzaza ndi kuphwa kwa madzi. M'malo ambiri madzi amadzaza kawiri patsiku, motalikirana maola 12 ndi mphindi 25, ndipo amakwera ndi kutsika kwambiri mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu. Pa maola asanu ndi limodzi a kukwera kapena kutsika, theka la madzi onse limasuntha m'maola awiri apakati. Kayaki yodzaza katundu imayenda pafupifupi makilomita asanu pa ola ikamapalasidwa, choncho madzi othamanga pakamwa pa mtsinje kapena pansonga ya mtunda angathe kuibweza chambuyo. Choopsa kwambiri ndi pamene mphepo ikuwomba molimbana ndi kumene madzi akulowera, chifukwa mafunde amafupika n'kuima chilili, ndipo malo amene anali bata m'mawa amasanduka osadutsika madzi akangotembenuka. Mphepo yochokera kumtunda nayo ndi yonyenga, popeza pafupi ndi gombe madzi amaoneka osalala, koma mukamatalikira imakula, ndipo thanga limakupititsani kunyanja mosavuta mpaka mutazindikira mochedwa. Musananyamuke, uzani munthu wodalirika kumene mukupita, maonekedwe a bwato lanu, nthawi imene mubwerere, ndi amene ayenera kumuimbira nthawiyo ikadutsa.

Pempho langa kwa aliyense amene wamaliza kukonza kayaki yake ndi ili. Asanapite kutali, asankhe tsiku labata, aitane mnzake woti aime pafupi, akweze thanga, aike ndodo za mbedza m'malo mwake, alongedze katundu yense monga wa paulendo, kenako alitembenuze dala bwatolo pamalo pamene mapazi safika pansi. Ayese kumasula chingwe chowongolera ali m'madzi, kugoneka mlongoti, kutembenuza bwato, kukwera, ndi kukapa madzi, ndipo mnzakeyo awerenge nthawi imene zatenga. Chilichonse chimene chamukola mwendo, chamubaya pamimba pokwera, kapena chataika, achichotse kapena achisunthe, n'kuyesanso mpaka zitatheka katatu motsatizana. Akatero abwereze tsiku lina kuli kamphepo ndi timafunde, atavala zovala zimene adzavale paulendo weniweniwo.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda kuwedza pa kayaki